Anazimitsa Boyila ya a Everton Ndani?

Foni inalira Frackson Likwemba ali chagada pansi pa sinki ya anthu ku Nechells, sipanala ili m'dzanja, madzi akumudonthera pachipumi. Inalira n'kudula, n'kuliranso. Ulendo wachitatu anasolola thupi n'kuyankha.

Anali Zelipa, mtsikana wa ku Dedza amene anafika ku Mangalande chaka chatha kudzagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi Frackson. Ankaima mzere wakumbuyo m'kwaya, ndipo sanali wochulutsa mawu.

"Achimwene, andiimitsa ntchito."

"Walakwa chiyani?"

"A Everton ali m'chipatala. Anawapeza Loweruka m'mawa thupi lonse lili zii, sakuyankhula. Akuti heating yotenthetsa nyumba yawo ndinazimitsa ndine. Apolisi andifunsa kale kawiri. Viza yanga ili m'manja mwa kampani, achimwene. Akandichotsa, ndiye kuti ndikwera ndege."

Frackson anadzuka mofulumira mpaka mutu unagunda paipi. A Everton Gwedeza ankawadziwa bwino. Anali bambo wachikulire amene anayendetsa mabasi a mumzinda wa Birmingham mpaka kupuma ntchito. Akazi awo, omwe anali namwino, anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo chaka chotsatira sitiroko inawapha mbali ya kumanzere. Ankakhala okha ku Tipton. Boyila yotenthetsa nyumba yawo anaika ndi Frackson yemweyo, ndi manja ake.

"Uli kuti?"

"Kunyumba, ku Small Heath."

"Vala jekete. Ndikubwera."

Asanalize n'komwe vani, foni inaliranso, nambala yachilendo. Mayi wolankhula Chingerezi chothamanga anati ndi Sajeni Chloe Bishop wa polisi. Dzina la Frackson analipeza pa kapepala komata pa boyila ya a Everton, ndipo ankafuna kuti abwere wani koloko adzaiyese.

"Ikapezeka kuti ili bwino?" anafunsa Frackson.

"Ndiye kuti wina anaizimitsa," anatero sajeniyo. "Ikapezeka ndi vuto, mafunso anga abwera kwa inu."

*

Frackson anamupeza Zelipa ataima pakhomo, mumsewu wa nyumba zogundana, moyang'anizana ndi butchala ya halaali. Analowa m'vani n'kuika manja pakati pa miyendo. Frackson anasiya injini ikulira kuti mukhale mofunda.

"Yamba Lachisanu madzulo. Usasiye kanthu."

"Ndinafika sikisi. Ndinawapatsa chakudya ndi mankhwala, ndinawasintha, n'kuwagoneka. Amagona msanga. Potuluka ndimajambula kawotchi kapakhoma kaja, ndi lamulo la kampani."

Anamupatsira foni. Kawotchi kamene ankanenako kanali thermostat, kachipangizo kamene kamayeza kutentha kwa m'nyumba n'kuuza boyila kuti iyake kapena izime. Pachithunzipo kanali katatcheredwa pa 21. Nthawi inali itangotsala pang'ono kukwana seveni.

"Kampani inachiona chithunzichi?"

"Anati ndikhoza kujambula kenako n'kutsitsa. A ambulansi anakapeza kali pa teni."

"Unatsitsa?"

Zelipa anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso koyamba. "Achimwene, ine ndinakulira ku Bembeke. Mu Juni tinkagona anthu anayi bulangete limodzi. Kuzizira ndimakudziwa. Sindingakusiyire munthu amene sangathe kudzuka yekha."

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Anga ndimatenga m'kabokosi kapakhomo. Ena ali ndi Melissa, mwana wawo uja, ndi amuna ake a Dixon."

"Anawapeza ndani?"

"Melissa. Ine shifiti yanga ya m'mawa ndi eyiti. Ndinapeza ambulansi ikunyamuka, iye akundiloza chala pamsewu, anthu akuonerera."

Basi inadutsa n'kugwedeza vani. Zelipa anapukuta mphuno.

"Pali china chimene palibe akufuna kumva. Chiyambire Khirisimasi, ndikafika m'mawa ma radiator, zitsulo zofunditsa zipinda zija, amakhala akutentha bwinobwino, koma iwo manja ali ngati achoka mufiriji. Amandiuza kuti, 'Mwanawe, usiku nyumba ino imafa.' Ndinalemba katatu mu lipoti. Melissa anati ndi ukalamba chabe, magazi sakuyenda."

Frackson anakulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri. Sankayang'ana nambala. Ankayang'ana khoma. Linali lobiriwira, ndipo m'mbali munkaoneka mkono wa jekete lopachika.

"Khoma ili ndi la chipinda chiti?"

"M'kolido, pafupi ndi masitepe."

Frackson anabweza foni n'kuponya giya.

"Ine sindinakaike pamenepo," anatero.

*

Msewu wa ku Tipton unali wothinana. Frackson ankagogoda chiwongolero pa loboti iliyonse, akuyesa kukumbukira tsiku limene anagwira ntchito m'nyumba ija. Anamutsitsa Zelipa pa depoti ya basi, chifukwa apolisi sakanamulola kulowa. Atawoloka mlatho anaona madzi a m'ngalande ataundana, mabakha akuyenda pamwamba.

Sajeni Bishop anali mayi wamfupi wa chipewa chaubweya, manja ali m'matumba. Anatsegula chitseko osapereka moni wambiri n'kumulozera kukhitchini.

Frackson anayamba ndi boyila. Anaona mphamvu ya madzi, anayesa gasi, anamvetsera pampu. Atakweza thermostat, lawi linayaka nthawi yomweyo, labuluu, losagwedera. Anayang'ana ngati boyilayo inasunga chizindikiro cha vuto lililonse. Munalibe.

"Ilibe vuto," anatero, ndipo mawuwo anamuwawa potuluka.

Sajeni analemba m'kabuku. "Ndiye inu mwapulumuka. Mtsikana uja ayi."

"Dikirani kaye."

Analowa pabalaza, pamene panali mpando waukulu wa a Everton ndi bedi limene anatsitsira pansi atadwala. Anapita pakhoma lamkati n'kuchotsa kalendala ya tchalitchi. Kuseri kwake kunali kachivundikiro koyera kotseka bowo.

"Thermostat ndinaika apa," anauza sajeni m'Chingerezi. "M'chipinda chimene mwini wake amakhala, pakhoma lamkati, molingana ndi chifuwa cha munthu. Kutali ndi radiator, kutali ndi zenera lolowa dzuwa, kutali ndi chitseko. Kachipangizoka sikaganiza. Kamangomva mpweya umene uli pomwepo. Mukakaika pofunda, kayesa kuti nyumba yonse yafunda, ndiye kazimitsa boyila."

"Ndiye wina anakasuntha. Anthu amasuntha zinthu m'nyumba zawo."

"Amasuntha. Koma ndikufuna kuona chifukwa chake."

Anazimitsa magetsi opita ku boyila, n'kubwerera m'kolido. Anamasula thermostat pakhoma. Mawaya atatu anali m'malo mwake: wobweretsa moto, wobwezera, ndi wina wopita kukadzutsa boyila. Anali osendedwa bwino, omangidwa zolimba, ndipo womaliza uja anali atavekedwa kachizindikiro kofiirira monga mwa lamulo. Amene anachita zimenezi anaphunzira zamagetsi.

Koma kumbuyo kwake, pamene waya ankalowera m'khoma, panali bowo lolowa zala ziwiri. M'mbali mwake munali zotsalira za phala loyera lotsekera mabowo, lokokotedwa ndi chinthu chakuthwa. Frackson anagogoda khomalo ndi chala. Linalira ngati katoni.

"Kuseri uku kuli chiyani?"

"Kabati ya pansi pa masitepe. Tinasuzumiramo. Muli makatoni ndi huva yokokera fumbi."

Frackson anagwada n'kulowa ndi tochi. Munkanunkha fumbi lopsa. Pakhoma lopyapyala lija, pansi penipeni pa bowo, panali timabowo tinayi ta masikulu, tiwiri uku tiwiri uku, motalikirana ngati mkono umodzi. Pakati pake penti inali itachita chikasu mumzere wowongoka. Anatsatira khoma ndi tochi mpaka pa soketi ya pakona. Pulagi ya huva inali italowetsedwa, koma osati m'soketi mwenimwenimo. Pakati panali kabokosi kozungulira ka mano ang'onoang'ono, kotchera nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi.

"Sajeni, inu mumahuva nyumba yanu nthawi yanji?"

"Ndikapeza mpata. Bwanji?"

"Huva iyi yatcheredwa kuti izilandira moto kuyambira hafu seveni madzulo mpaka sikisi m'mawa."

Sajeni Bishop anatulutsa manja m'matumba n'kugwada pambali pake.

"Osakhudza," anatero.

"Sindikhudza. Koma onani ichi."

Anabwezeretsa thermostat, anayatsa magetsi, n'kuitchera pa 21. Boyila inayamba kung'ung'udza kukhitchini. Kenako anatenga m'bokosi lake kahita kam'manja kamene ankasungunulira mapaipi oundana, n'kukayatsa m'kabati muja, pansi pa bowo. Awiriwo anaima m'kolido, mpweya wa m'kamwa mwawo ukuoneka ngati utsi. Nambala inayamba kukwera. Fotini. Seventini. Twente. Itafika 22 kachipangizo kaja kanalira kamodzi, ndipo kukhitchini kunati zii.

"Apa panali hita yaitali ngati paipi," anatero Frackson. "Mtsikana uja akatuluka, pakapita theka la ola imayaka. Mpweya wofunda umalowa pabowoli, boyila n'kugona usiku wonse. Sikisi m'mawa hita imazima, boyila n'kudzuka. Akamafika eyiti, ma radiator ali moto, koma mkulu uja wazizidwa maola khumi."

Sajeni anali atagwira kale foni. "Ndikuitana a zidindo za zala. Inu bwererani ku ntchito yanu, ndipo musauze aliyense."

"Chabwino."

"Mukudziwa wina pabanjali wodziwa zamagetsi?"

Frackson anatseka bokosi la zida pang'onopang'ono. Ankamudziwa.

*

Ku ntchito sanabwerere. Anayesa, mpaka anafika pa raundabauti, koma anazungulira kawiri n'kutenga msewu wina.

Dixon, mwamuna wa Melissa, anali wa ku Zambia. Asanayambe kuyendetsa malole ankagwira zamagetsi ku migodi ya ku Kitwe. Masiku opuma ankakhala ku kadimba kake kobwereka kuseri kwa njanji, kumene anali ndi kanyumba kagalasi kofesera mbewu. Frackson anamupeza komweko atavala magulovu, akuzula mbande zakuda zofota n'kuponya m'ndowa.

"Ba Frackson. Mwamvela vamene vachitika kuli bamudala?"

"Ndamva. Ndachokera kunyumba kwawo. Thermostat anasuntha ndani, a Dixon?"

"Ni ine." Sanazengereze n'komwe. "Pamene Christmas inali pafupi. Ninalakwisa wiring?"

"Mawaya ali bwino. Malo ndi amene ali olakwika."

"Ninamuuza Melissa vamene ivo. Ninakamba ati mu corridor mumangena mphepo, siyani pamene ba Frackson banaika. Manje eve anakamba ati bamudala bamaizungulusa na ndodo yao, bamaononga. Anatenga pencil, anachonga pa chipupa, ati apa. Mukaziba mukazi wanga, ba Frackson, simungafunse kabili."

"Bowo la waya munatseka?"

"Na filler. Ine sinisiya hole. Bananiphunzisa ba mine."

Frackson anayang'ana m'kanyumba kagalasi kaja. Mbande zonse zinali zakufa. Pansi pa thabwa panali tizitsulo tiwiri topachikira chinthu, topanda kanthu.

"Zafa ndi chiyani izi?"

"Mphepo. Impwa yanga yonse, na tomato. Nenze na tube heater apa, na timer yake. Vinasoba pa Christmas. Bakawalala ba muno bamaba na vipuno."

"Loko anathyola?"

Dixon anasiya kuzula. Anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana loko amene ankalendewera bwinobwino pamalo pake.

"Sibanathyole," anatero motsitsa mawu.

"Lachisanu ndi Loweruka munali kuti?"

"Ku Glasgow na lorry. Ninachoka pa Thursday, ninabwela pa Saturday mu afternoon. Machine ya mu lorry imalemba vonse, bangaone." Anavula gulovu imodzi, n'kuivalanso. "Ba Frackson, ni chani vamene mufuna kukamba?"

"Kiyi wa loko uyu ali ndi anthu angati?"

Sitima inadutsa kuseri kwa mpanda, magalasi a kanyumbako n'kunjenjemera. Itapita, Dixon anali adakali chiimire, mbande yakufa ili m'dzanja.

*

Frackson anabwerera ku Tipton kuti akauze sajeni, koma anapeza galimoto yake palibe ndipo nyumba ili yokhoma. Anaimba foni, sinayankhidwe. Anayenda kuchoka pageti kufika pa vani, n'kubwerera, n'kupitanso.

"Mukumba ngalande pamenepo, bambo."

Anali mayi wa nyumba yoyandikana, wamtali, wa tsitsi lofiira, atavala yunifolomu yoyera ya kufakitale ya buledi, akufufuza makiyi m'chikwama. Chingerezi chake chinali cha komweko ku Tipton, chomeza mawu, ndipo Frackson anachita kutchera khutu. Anati dzina lake ndi Jade.

"Ndinu wa boyila uja. Ndikukumbukirani, munatseka msewu wonse ndi vani yanu. Ali bwanji Everton? Munthu wabwino kwambiri. Zaka fifitini tili khoma limodzi, sanandiputepo. Apolisi anagogoda Loweruka, koma ndinali kuntchito. Anasiya kakhadi, sindinaimbe, ndimaiwala."

"Loweruka munachoka nthawi yanji?"

"Ndimatuluka kota pasiti seveni, koma tsiku limenelo galasi la galimoto linali litaundana ngati mwala. Ndinakhala ndikupala. Galimoto ya Melissa inali kale apa. Ndinadabwa, chifukwa iye sabwera m'mawa."

"Ambulansi inali itafika?"

"Ayi. Ndinakumana nayo pamlatho ndikupita, cha m'ma hafu seveni kupitirira. Ndinapatuka kuti idutse, osadziwa kuti ikubwera kuno."

"Melissa munamuona?"

"Ndinamuona. Anatuluka wopanda jekete, kuzizira konse kuja, atanyamula chipaipi choyera, chachitali chonchi." Anatambasula manja. "Ndinayesa ndi chopachikira makatani. Anachiponya kubuti n'kuthamangira m'nyumba. Ndinamupatsa moni, sanandione." Jade anapeza makiyi ake, kenako anaima. "Ndanena china cholakwika?"

"Kakhadi kaja mudakali nako?"

"Kali pafiriji."

"Imbani tsopano lino, mayi. Musadikire kuvula nsapato."

Ali m'vani, foni yake inalira. Anali Sajeni Bishop. Frackson anafotokoza zonse, za Dixon, za loko, za Jade.

"Ndinakuuzani kuti musauze aliyense."

"Sindinauze. Ndinkangofunsa."

"Melissa ali kuchipatala ndi bambo ake. Ndifika kumeneko pakatha theka la ola. Inu musapiteko."

Frackson anavomera, anadula foni, n'kuliza injini.

*

Inali nthawi yoona odwala, ndipo m'kolido ya chipatala munali anthu onyamula maluwa ndi mabotolo a zakumwa. Melissa anali pampando wapulasitiki panja pa wodi, kapu ya tiyi wozizira ili m'manja. Frackson anamudziwa ali ndi zaka naini, atangotsika ndege ndi mayi ake, atavala juzi lofika m'mawondo. Tsopano anali mayi wa ana awiri. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chingerezi, monga ana ambiri okulira kuno.

"Ankolo Frackson. Zikomo kuti mwabwera."

"Ali bwanji?"

"Adokotala akuti mapapo agwidwa chibayo. Akuti tidikire."

Frackson anakhala pampando woyandikana.

"Melissa, ndalowa m'kabati ya pansi pa masitepe."

Melissa anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Unachotsa hita, koma kotchera nthawi unasiya. Unalowetsamo huva kuti soketi isaoneke yachilendo. Dixon ndakumana naye kudimba. Mayi wa nyumba yoyandikana anakuona ukuponya chinthu kubuti."

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Galimoto yako ili panja apa. Sajeni akubwera. Ukufuna akatsegule buti ndi iyeyo?"

Melissa anaika kapu pansi, pakati pa mapazi ake. Anayang'ana chitseko cha wodi nthawi yaitali. Atayamba kuyankhula, mawu ake anali otsika ndi othamanga.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikupempha, Ankolo. Anagwa kawiri m'bafa. Ulendo wina anagona pansi mpaka kucha. Ndinawapezera malo abwino kunyumba yosamalira okalamba, pafupi ndi kwathu. A boma anati bola ngati mwini wake akukana ndipo ma carer owasamalira aja akubwera, sangawakakamize. Iwo amati amayi anafera m'nyumba imeneija, nawonso adzatulukamo ali m'bokosi. Foni ikalira ndimadumpha. Kuntchito ndimalakwitsa zinthu. Ana anga amadya chakudya chamadzulo m'galimoto. Ndinkafuna azizidwe pang'ono chabe. Masabata awiri, atatu. Anene okha kuti nyumbayi yawakanika. Ndinawagulira mabulangete awiri owonjezera."

"Lachisanu kunazizira kuposa masiku onse."

"Sindinaone zanyengo. Ndinadzuka Loweruka n'kupeza mapaipi akwathu aundana, ndiye ndinadziwa. Ndinathamanga. Ndinawapeza milomo ili yabuluu." Anaphimba nkhope. "Ndinawafunditsa, ndinawatikita manja, ndinkayesa adzuka. Kenako ndinakumbukira hita."

"Unayamba kumasula masikulu, kenako n'kuitana ambulansi."

Melissa anaweramitsa mutu.

"Nanga teni uja?"

"Ndinatsitsa ndine. Pankafunika chifukwa choti nyumba izizire."

"Ndiye chifukwacho chinakhala Zelipa."

"Ndinaganiza kuti angomudzudzula. Kapena apeza kampani ina. Ma carer amafunika paliponse."

"Sapeza ina. Dzina lake lilembedwa kuti anasiya nkhalamba kuti ife. Abwerera ku Dedza ndi manyazi amenewo, ndipo kumudzi kwawo aliyense adziwa chimene anam'bwezera. Mtsikana amene ankalemba kuti bambo ako akuzizidwa, iwe n'kumamuuza kuti ndi magazi."

Melissa analira mopanda phokoso, mapewa akugwedezeka. Mayi wina wodutsa ndi maluwa anawayang'ana mwachifundo, akuyesa kuti alandira uthenga wa maliro. Frackson anafuna kumugwira paphewa monga ankachitira ali mwana, koma dzanja linakana kunyamuka.

Kumapeto kwa kolido chitseko cha chikepe chinatseguka. Sajeni Bishop anatuluka, chipewa chili m'dzanja, wapolisi wina ali pambuyo pake. Ataona Frackson anapukusa mutu, koma sanafulumire.

Nthawi yomweyo chitseko cha wodi chinatseguka, ndipo namwino anasuzumira.

"Achibale a bambo Gwedeza? Atsegula maso. Akufunsa mwana wawo."

Melissa anaimirira. Anayang'ana namwino, anayang'ana apolisi, kenako Frackson.

"Ankolo, muwauza?"

"Apolisi ndawauza za mawaya, ndiyo ntchito yanga," anatero Frackson. "Bambo ako uwauza wekha."

Sajeni anali atafika. Anamva mawu a namwino, anayang'ana wotchi yake, n'kuloza chitseko ndi chibwano.

"Mphindi zisanu," anatero. "Chitseko chikhale chotsegula."

Melissa anapukuta nkhope ndi manja onse awiri n'kulowa. Kuchokera pamene anakhala, Frackson ankaona phazi la bedi ndi dzanja lamanja la a Everton, lowonda, la machubu, likunyamuka pang'onopang'ono kuti ligwire la mwana wawo. Anamva mawu ofooka akuti, "Wabwera, mwanangu."

Melissa anagwada pambali pa bedi. Dzanja lija sanalilandire.

"Adadi," anatero, "musandigwire kaye. Mumve zimene ndinachita."